Kansanza ka pa Ukonde wa Zebedee

Zebedee wa ku Ngara anali mphawi wa mtima wowola. Ankakoka ukonde wa eni ake, maso ali pa maboti a injini a Kassimu, mpondamatiki wa pagombepo. Ena umphawi umawaphunzitsa khama, koma uyu unamuphunzitsa kaduka basi.

Tsiku lina anawoloka Songwe kukaona sing'anga.

"Karibu, tajiri," anatero mkuluyo m'Chiswahili akuseka, kumutchula kuti mwini chuma. "Usipa ndikupatsa mpaka usowe poyanika. Koma chaka chilichonse udule kansanza pa malaya a siginala wako, umangirire ku ukonde."

Siginala ndi uja amakhala yekha m'bwato ndi nyali, kuitana usipa.

"Nanga mwini malayawo?"

"Nyanja nayo imadya, bwana. Wadzera anthu kapena nsomba?"

Chitsirucho chinavomera. Ntchito yodula chinapatsa mwana wake Hilda, wa zaka khumi ndi zitatu, poti ndiye ankachapira asodzi. Chinamunamiza kuti n'zosokera ukonde.

Usipa unabweradi, maboti anagulidwa. Koma siginala Golden anamira nyanja ili bata. Chaka chotsatira anamira Allan. Kenako nyali anatenga Brighton, malume ake a Hilda, amene anamulera mayi ake atamwalira.

"Pita ukadule a malume ako," anatero Zebedee.

"Adada, a Golden ndinadula ndine. A Allan ndine. Onse ali kumanda."

"Nsapato wavalazo zinagwa kumwamba? Ukangoyasama, apolisi ayamba ndi iwe wogwira lumo."

Bambo wanji ameneyo? Ngakhale galu satero.

Mwana anasiya kudya. Kuneneza bambo ake sakanatha, kupha malume ake sakanathanso. Ndiye anadula pa malaya a bambo ake omwe, poganiza kuti mankhwala sangadye mwini wake, angosukuluka. Zebedee anali ndi malaya ambiri ogula ku Kyela, ku Tanzania, moti ake omwe sanawazindikire. Anamangirira akuimba mluzu.

Brighton ali moyo mpaka lero. Maboti anawolera pamchenga. Zebedee amakhala m'bwato long'ambika kumtunda, dzuwa lili pamutu, nyali ili chiyakire, kuitana usipa pafumbi. Anthu amalavula akamadutsa. Hilda yekha ndiye amamupititsira chinangwa, ndipo iye amamuyang'ana n'kufunsa, "Kansanza kaja wabweretsa?"

Inu okonda chuma cha mankhwala, nyanja sisankha malaya. Mukafuna kufa, ifani nokha, ana musawagwiritse lumo.