Dengu la Lekani

Eneya ananyamuka ku Mkhumba dzuwa litalowa kale, chipanda cha mankhwala chili m'manja. Mlandu wake unali wa pakhosi. Mudzi umene anakwatirako, m'munsi mwa phiri la Michesi, unali usanathire nsembe yothokoza mizimu pa mbewu zatsopano, koma iye, mkamwini wadyera, anaotcha mondokwa mobisa n'kugawirako kamwana kake, Ethel. Tsiku lachitatu mwana anatupa mapazi ndi nkhope.

Sing'anga wa ku Mkhumba anamuuza mosapita m'mbali kuti, "Mwanayo asambe madzi awa tambala asanalire. Chipandachi chisakhudze dothi mpaka kwanu. Chikakhudza, basi, kakumbeni manda."

Anayenda mwandawala, mtima uli kwa mwana. Atafika pafupi ndi manda akale, anamva kubuula. Pambali pa njira panagwada mayi wowonda, mafupa okhaokha, dengu lili patsogolo pake.

"Bambo, ndisenzetseni."

Eneya anangodutsa.

"Bambo inu, kwanu anthu sasenzetsana?"

Mawuwo anamulasa. Eneya anali wadyera, inde, koma sanali wouma mtima, ndipo n'zimene zinamupweteketsa. Anabwerera. Anayesa kunyamula ndi dzanja limodzi, dengu osasuntha. Anayang'ana uku ndi uku. Anaika chipanda pansi... kamphindi chabe.

Dengu linali lodzaza mondokwa. Kulemera ngati miyala. Dzanja la mayiyo linamukhudza. Kuzizira kwake! Fungo la dothi lonyowa... Dengu litafika pamutu, khosi la mayiyo linapindikira paphewa. Lothyoka!

"Zikomo, akamwini," anatero mayiyo, akuseka. "Ine ndinathyola chimodzi chokha nsembe isanathiridwe, anandisinja ndi misi. Inu mwadya zingati? Mukawauze kuti Lekani wakolola."

Eneya anatola chipanda chake. Sichinasweke, sichinagubuduke. Koma m'kati mouma gwa! Atacheuka, panalibe munthu. Panalibe dengu.

Anathamanga. Anagwa. Anadzuka. Asanalowe m'mudzi anamva kulira kwa mkazi wake.

Pabwalo panali a Goliati, malume a mkazi wakeyo, mwini mbumba. Anayang'ana chipanda chouma chija, nalavulira pansi.

"Mwapha mwana wathu ndi dyera lanu. Tikaika maliro, mutenge mkeka wanu muzipita kwanu."

Eneya anagwada. "Malume, kodi Lekani ndani?"

A Goliati anatembenukira kwa iye.

"Mlongo wanga," anayankha. "Anafa zaka zinayi zapitazo, chaka cha njala yaikulu ija. Musi woyamba ndinagwetsa ndine. Kumanda sitinapite naye. Tinamukwirira m'munda womwe tinakupatsaniwo."