Odete Awedza Fuluki Wamkulu

Odete anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ankakhala ku Point Judith, pafupi ndi doko.

Odete ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuwedza fuluki wamkulu. Osati wamng'ono ayi. Wamkulu!

Fuluki ndi nsomba yaphwatalala. Amagona pamchenga, pansi pa nyanja. Maso ake onse awiri ali mbali imodzi.

Koma masiku owedza anali atatsala pang'ono kutha. Kunja kunayamba kuzizira. Kukazizira, fuluki amapita kutali.

"Kwatsala lero ndi mawa," anatero amayi ake. "Lolemba boti lathu lituluka m'madzi. Mpaka chaka chamawa."

Tsikulo linali Loweruka. M'mawa womwewo anakwera boti. Amayi anagwira chiwongolero. Nuno, mchimwene wake wamkulu wa Odete, ananyamula ukonde wa mpini wautali.

Atafika pakati pa madzi, amayi anazimitsa injini. Boti linayamba kutengeka ndi madzi pang'onopang'ono.

Odete anakoleka nyambo kumbedza. Anatsitsa chingwe. Mtovu wolemeretsa chingwe unagunda pansi. Du!

Anakweza ndodo. Anatsitsa ndodo. Anakweza. Anatsitsa.

Kenako ndodo inalemera.

"Amayi, ndakola mwala!" anafuula Odete.

"Mwala umagwedeza mutu?" anafunsa amayi. "Kulunga chingwe, mwanangu!"

Odete anakulunga. Anakulunga mwachangu. Anakulunga ndi mphamvu zonse.

Nsomba inaonekera. Inali yofiirira. Inali yotambalala ngati thebulo.

Odete anakweza ndodo m'mwamba. Mutu wa nsomba unatuluka m'madzi. Nuno anabaya ukonde kumchira.

Phwa! Phwa! Phwa!

Fuluki anapukusa mutu. Mbedza inauluka. Fuluki anapita.

Odete anayang'ana m'madzi. Munalibe kanthu.

"Achimwene, mwandithawitsira nsomba!" anatero.

"Ine?" anatero Nuno. "Iwe umakoka ngati ukuzula nangula!"

"Inu mumabaya ngati mukupha ntchentche!"

"Basi, nonse awiri," anatero amayi. "Nonse mwalakwitsa."

Amayi anakhala pansi. Anatambasula dzanja lawo ngati fuluki.

"Ali m'madzi, fuluki amabwera mofatsa," anatero. "Mutu ukatuluka, amapukusa. Akapukusa, mbedza imachoka. Mutu uzikhala m'madzi, Odete."

"Nanga ukonde?" anafunsa Odete.

"Ukonde suthamangitsa nsomba. Ukonde umadikira. Iwe ndiwe woibweretsa. Izilowa ndi mutu."

Odete sanalire. Analuma mlomo. Tsiku limenelo sanakolenso ina.

Masana anafika kunyumba. Odete anaima pakhomo. Anayang'ana pansi.

Pakhomo panali kamkeka ka labala kopukutira mapazi. Kanali kaphwatalala. Kanali kolemera. Kanali ndi timabowo.

Odete anakanyamula. Anatenga ndodo. Anatenga ukonde. Anabwerera kudoko.

Anakoleka mbedza pakabowo kamodzi. Anaponya kamkeka m'madzi. Kanamira.

Anapanikiza mpini wa ukonde pakati pa matabwa. Ukonde unakhala m'madzi, phee.

Odete anakulunga mwachangu. Kamkeka kanatuluka m'madzi. Kanapitirira ukonde.

"Ayi," anatero Odete. "Ndiyambirenso."

Anakulunga mofatsa. Kamkeka kanabwera pansi pa madzi. Kanagunda m'mphepete mwa ukonde.

"Ayi. Ndiyambirenso."

Nuno anabwera akudya tchipisi. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Eee, mlongo wanga wapha nsomba!" anatero. "Tikazinga ndi anyezi? Kapena tiphika supu?"

"Gwirani ukonde, achimwene."

"Ine sindigwirira ukonde kamkeka."

Odete anangopitiriza. Anaponya. Anakulunga. Anaponyanso. Anakulunganso. Kakhumi. Kenako kakhuminso.

Tchipisi chinatha. Nuno anasiya kuseka. Anapukuta manja pakabudula.

"Bweretsa kuno," anatero. "Ukonde wakowo wapendekeka."

Kamkeka kanayandikira. Nuno anabaya ukonde. Kamkeka kanakankhika kupita kutali.

"Mwaona?" anatero Odete. "Mwakakankha nokha."

Nuno anakanda kumutu. Ulendo wotsatira anangogwira ukonde, phee. Odete anabweretsa kamkeka mofatsa. Kanalowa bwinobwino.

"Tiyambirenso," anatero Nuno.

Chapatali kunamveka mawu a amayi. "Ndani watenga kamkeka kanga?"

Lamulungu kunacha ndi mphepo. Nyanja inali yotuwa. Odete anavala juzi ziwiri. Pamwamba anavala jekete yoyandamitsa.

Amayi anaona mbedza yake. Anainola. Anamanganso mfundo. Kenako anamasula chokulungira chingwe pang'ono.

"Nsomba ikakoka kwambiri, chingwe chizituluka chokha," anatero. "Usachigwire. Ukachigwira, chiduka."

Odete anatsitsa chingwe. Du!

Anakweza. Anatsitsa. Anakweza. Anatsitsa.

Anakola kafuluki kakang'ono. Anakabwezera m'madzi.

Anakola udzu wa m'nyanja. Anautaya.

Zala zake zinazizira. Mphuno yake inafiira.

"Tiye ukhale pansi, umwe koko," anatero amayi.

"Ayi, Amayi. Ndimwa kenako."

Amayi anayang'ana mitambo. Inali yakuda.

"Mvula ikubwera," anatero. "Titengeke ndi madzi kamodzi kokha. Tikatero, kwathu."

Odete anasankha nyambo yaitali. Anaikoleka bwino. Anatsitsa chingwe. Du!

Anakweza. Anatsitsa. Anakweza.

Ndodo inakana kukwera.

Odete anadikira. Ndodo inagwedezeka. Gwede. Gwede.

Odete anakoka kamodzi. Ndodo inapindika ngati uta.

"Ndi iyeyo," ananong'ona Nuno.

Odete anakulunga mofatsa. Sanathamange. Sanaime. Chingwe chinakhala chokungika.

Mwadzidzidzi fuluki anathawira pansi. Chingwe chinatuluka. Zzzzz!

"Gwira chingwe!" anafuula Nuno. "Akupita!"

"Ayi!" anatero Odete. "Msiyeni apite. Abwera."

Chingwe chinaima. Odete anayambanso kukulunga.

Mikono inayamba kuwawa. Msana unayamba kuwawa. Fuluki anathawiranso pansi. Zzzzz!

"Ndipatse ndodo, ndikuthandize," anatero Nuno.

"Inu gwirani ukonde."

"Watopa, iwe."

"Ndatopa, inde. Gwirani ukonde!"

Amayi anangogwira jekete ya Odete kumbuyo.

Nuno anaika ukonde m'madzi. Phee.

Pansi panaoneka mthunzi. Mthunzi unakula. Unakula. Unakulabe.

"Mayo ine!" anatero Nuno. "Wadzulo uja anali mwana!"

Odete anaona mbedza. Inangogwira pang'ono, m'mphepete mwa mlomo.

Manja ake anafuna kukweza ndodo. Anafuna kwambiri. Nsomba inali pafupi. Pafupi zedi!

Odete sanakweze. Anatsitsa nsonga ya ndodo. Mutu wa fuluki unakhala m'madzi.

Odete anabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Fuluki anatsatira.

Phazi linanso. Fuluki anatsatira.

Kenako fuluki anaona ukonde. Anakhota. Anadutsa pambali. Mchira unali pafupi ndi Nuno.

Manja a Nuno anayamba kusuntha.

"Musasunthe, achimwene!" anatero Odete. "Ndimubweretsanso."

Nuno anaima. Analuma mano.

Odete anayendetsa ndodo kumanzere. Fuluki anazungulira. Odete anayendetsa ndodo kumanja. Fuluki anatembenuka. Tsopano mutu unaloza ukonde.

Madontho a mvula anayamba kugwa. Odete sanawamve.

Mofatsa. Mofatsa. Mofatsa.

Mutu unalowa.

"Tsopano!" anafuula Odete.

Nuno anakweza ukonde. Unali wolemera. Amayi anagwira mpini. Anakweza awiri.

Phu! Fuluki anagwera m'boti.

Anapukusa mutu kamodzi. Mbedza inagwa yokha. Koma tsopano analibe kothawira.

Odete anakhala pansi, khwatha.

Amayi anatenga choyezera. Anayeza kuchokera kumlomo mpaka kumchira.

"Mainchesi makumi atatu," anatero. Anayezanso. "Makumi atatu ndithu. Ine sindinaphepo wotere."

"Ukonde ndinagwira ine," anatero Nuno.

"Munagwira bwino," anatero Odete. "Simunachite kanthu."

"Kusachita kanthuko n'kovuta, iwe!"

Amayi anaseka. Anatsegula bokosi la ayezi. Fuluki sanakwanemo. Mchira unatsalira kunja.

Amayi analiza injini. Boti linaloza kudoko. Anthu a m'maboti ena anaona mchira uja. Anaimba mluzu. Anakweza zipewa.

"Wapha ndani?" anafuula bambo wina.

"Mlongo wanga!" anayankha Nuno. Anafuula kuposa injini.

Amayi anatulutsa buledi ndi soseji. Anathira koko wotentha m'kapu. Anapatsa Odete.

Manja a Odete anali atatopa kwambiri. Koko anayamba kutayika.

"Bweretsa," anatero Nuno.

Anagwira kapu. Anaifikitsa pakamwa pa Odete.

"Mofatsa, ndi wotentha," anatero.

Odete anamwa. Anamwa yense. Kenako anatsamira phewa la mchimwene wake, phazi limodzi lili pabokosi.