Dalisima ya Awiri, Oimba Atatu

Lonzo Fugate analowa m'sitolo ya zipangizo zakumunda ali thukuta kamukamu, naika botolo la polishi wa mipando patebulo.

Retha Caudill, mtsikana amene ankagulitsa mmenemo, anayang'ana botololo, kenaka mwini wake. Wamtali, ndevu zosapesa, malaya onunkha utuchi. Anali mmodzi wa anyamata otuta mitengo pa lole m'mapiri athu ano a Kentucky.

"Akutumani akazi anu?" Retha anafunsa.

"Akazi ndiwatenga kuti, chemwali? Ndagula dalisima, choimbira chija cha nsambo. Ndikufuna iziwala ngati inuyo."

"Polishi ameneyu pa dalisima? Mayo ine! Ili kuti?"

"Mu lole."

"Padzuwa lonseli?"

Retha sanadikire yankho. Anatuluka chothamanga, nakaipeza kuseri kwa mpando itatentha ngati chigumu chongophula kumene.

Kwathu kuno dalisima sitisewera nayo. Kabokosi kake n'kakatali, kowonda m'chiuno, ka nsambo zitatu. Umakagoneka pamiyendo, dzanja lina likutsetsereza kamtengo pamwamba pa tizitsulo topingasa, lina likukwapula nsambo ndi nthenga ya nkhukundembo. Kakatenthedwa kamamatuka, kakauma kamang'aluka. Ndiye munthu wamkulu ndi ndevu zake n'kukasiya mu lole?

"Achimwene, mukanagula fosholo," Retha anatero. "Ija ndiye sidandaula."

Lonzo anaseka mpaka kugwira chitseko. "Chabwino, adokotala. Nanga ikadwala ndidzaimbira nambala iti?"

Nambala ija anapatsidwa. Inu, tisamanamizane, pakamwa Lonzo anali napo!

Kwa a Caudill n'kuchigwa, kumene foni siigwira. Ukafuna uthenga uyenera kukwera phiri mpaka pamanda a banja lawo. Madzulo omwewo Retha anakwera, akudziuza kuti akungowongola miyendo. Atangofika pamwamba, foni inanjenjemera.

"Adokotala, dalisima yachira. Koma mwini wake wayamba kudwala. Mtima ukugunda mosalongosoka."

Anayankha kuti, "Mwani madzi." Koma potsika phiri ankangomwetulira yekha ngati wopepera.

Sipanapite nthawi, "chemwali" anasanduka "duwa langa", ndipo Lonzo anayamba kufika kunyumba Lamulungu lililonse kuti aphunzire kuimba. Apa mpamene anakumana ndi bambo ake a Retha, a Virgil Caudill, munthu amene anathera moyo wake mumgodi wa malasha n'kutulukamo ndi chifuwa komanso ukali.

"Mnyamata iwe, phunziro lanji losatha limeneli?" anafunsa tsiku lina akudya nyemba ndi chigumu.

"Mutu wanga ndi wouma, bambo."

"Maso ako ndiye sali ouma. Tamvera. Ine amayi ake a mwanayu ndinawafunsira pa dalisima ya awiri. Ngati uli ndi cholinga, uchita chimodzimodzi."

Dalisima ya awiri ili ndi mbali ziwiri pa bokosi limodzi. Mnyamata amakhala uku, mtsikana uko, maondo atagundana. Makolo amawasiya okha m'nyumba, poti nyimbo ikamamveka ndiye kuti manja onse anayi ali pantchito.

A Virgil anatsegula nkhokwe natulutsa matabwa a mtengo wa wolonati. Unali mtengo umene malemu amayi a Retha ankakonda kukhala patsinde pake, mpaka pamene madzi osefukira anaugwetsa. Matabwawo ankawasungira mwana wawo yekhayo. Anawatengera okha kwa a Hobert Sizemore, mmisiri wa madalisima wa kutsidya kwa mtsinje.

Itatha kupangidwa, eee, inali yokongola! Lamulungu masana awiriwo ankakhala pabalaza, a Virgil ali pakhonde. Nyimbo ikangoti zii, mawu ankabwera.

"Yathera pati nyimboyo?"

"Tikukunga nsambo, ababa!"

"Kungani ndikumva!"

Tsiku lina Lonzo anayankhula motsitsa, nthenga yake isanaleke kukwapula.

"Retha, wapamtima wanga, mbali imeneyo ndi yako yokha. Palibe chala cha mkazi wina chidzakhudze pamenepo, ndikulumbira. Mwezi wa Meyi, abale ako akadzasonkhana kudzalambula manda, tidzaimba pamaso pawo, ndipo ndidzakuveka mphete amayi ako ali pomwepo."

Retha anaphonya nyimbo. Misozi inali mbwembwembwe. Ndani akanakana mawu ngati amenewo?

Kenaka kunabwera chisanu.

Kampani inatumiza Lonzo kukagwira ntchito kufupi ndi tauni, kuseri kwa mapiri. Tsiku lotsanzikana anayang'ana mbaula ya malasha imene inkayaka pabalaza, napukusa mutu.

"Duwa langa, mbaula iyi iumitsa dalisima yathu, ing'aluka. Bwanji ndikaisunge kwanga? Kulibe kutentha kotere, ndipo ndizikayesezako mbali yanga kuti ndisadzakuchititse manyazi."

Retha ananyadira. Si uyu munthu uja ankasiya dalisima padzuwa? Anaikulunga yekha m'bulangete, naikamo kansalu konyowa pang'ono m'kachitini kobooledwa kuti matabwa asamve ludzu, n'kuinyamulira ku lole.

Poyamba mauthenga ankabwera ambirimbiri.

"Ndagona nditayang'ana mbali yako. Ikukusowa."

"Kuno kulibe mkazi, onse ndikuwaona ngati zitsa."

Kenaka anayamba kufupika. "Ntchito yachuluka." "Ndatopa, tiyankhulana." Kenaka masiku ena kunkangoti zii.

Retha sankakhazikika. Akaweruka ku sitolo, uyo paphiri, chipale chofewa chikufika m'maondo. Ankaimirira pakati pa manda atakweza foni m'mwamba, zala zitachita dzanzi. Palibe. Ankatsika, kuika madzi pamoto, kuwaiwala, kuvalanso jekete n'kukweranso. Mwina wadwala? Mwina lole yaterereka pamsewu? Mwina foni yake yagwera m'madzi? Nanga wakwiya, ine ndalakwa chiyani?

Kuntchito anapatsa munthu wofuna misomali mbewu za kabichi.

"Mwana iwe, njira yakumanda waisalaza," a Virgil anatero akutsokomola. "Akufawo akudabwa nawe."

"Ndikungopita kukaona amayi."

"Amayi ako ali ndi foni?"

Retha anakalowa kuchipinda, nakhala pabedi, nadzukanso.

Chipale chitasungunuka, mitengo itayamba kuphukira, Lonzo anatulukira ndi dalisima kukhwapa ndi maluwa kumanja.

"Duwa langa! Ndakusowa mpaka ndaonda!"

Sanaonde ngakhale pang'ono, koma Retha sanafune kuona zimenezo. Mkwiyo wonse wa m'chisanu unasungunuka. Anakhala pansi, maondo anagundana, nayamba nyimbo yawo yakale.

Kamtengo ka Retha kanatsetsereka monga mwa masiku onse, kenaka gu! Panatuluka liwu lachilendo.

Anayambiranso. Gu!

Anaweramira pansi. Pambali pake, pamalo pamene panali danga lalikulu, panali kachitsulo katsopano konyezimira. Nsambo zinali zokungidwa mwa mtundu wina. Ndipo pafupi ndi pokwapulira panali timikwingwirima tambirimbiri. Nthenga siikanda thabwa. Chimakanda ndi kapulasitiki kaja amaimbira a gitala.

"Lonzo, ichi n'chiyani?"

"Aaa, kameneko? Ndinapita nayo kwa a Hobert kuti akaione ngati ili bwino. Ndiye mdala uja ukumudziwa, anangowonjezera yekha. Akuti ndi za makono."

"Pambali yanga yokha?"

"Ndi mphatso, wokondedwa. Usadandaule ndi kanthu kakang'ono."

Retha anapsa mtima, koma anapsera a Hobert. M'mawa mwake, m'malo mopita kuntchito, anawoloka mtsinje dalisima ili pampando wa galimoto.

Anawapeza akupala thabwa, magalasi ali pamphuno.

"A Hobert, munayamba liti kuboola zinthu za eni popanda kufunsa?"

"Retha! Mwana wa Virgil! Takhala pansi. Ndaboola chiyani ine?"

Retha anavundukula bulangete nawaloza kachitsuloko.

"Ooo, kameneka! Ine sindikakonda, kamasokoneza kamtengo. Koma achinyamata oimba ndi zala amakafuna, akuti popanda iko nyimbo za pawailesi sizituluka. Ndiye mtsikana uja anaumirira."

"Mtsikana uti?"

"Brandi. Namwino wa kutauni uja. Anakhala pomwe wakhalapo iwepo, akundionetsa ndi chala kuti ndiike apa." Mdalayo anavula magalasi pang'onopang'ono. "Dikira kaye. Lonzo anandiuza kuti inu awiri munasiyana chisanu chisanayambe. Anati dalisima unamusiyira wekha, sukufunanso kuiona."

Retha anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Ambuye wanga," a Hobert anatero. "Simunasiyane?"

"Loweruka lino akundiveka mphete."

Mdalayo anakhala pansi pa mulu wa matabwa. "Mwana wanga, ndikhululukire. Ndinadabwa ndithu, matabwa a amayi ako! Koma anabwera atagwirana manja, akuitanana maina otsekemera. Ndikanakayika bwanji?"

"Ankamuitana kuti chiyani?"

"Usandifunse zimenezo."

"Ndiuzeni, a Hobert."

"Duwa langa."

Retha anaseka, kuseka koipa kumene kunamuopsa ngakhale iye mwini. Kodi pamene iye ankaima m'chipale foni ili m'mwamba, maondo a Lonzo ankagundana ndi a ndani?

"Kangachoke?" anafunsa.

"Kuzula ndingazule. Koma mpata umene ndinacheka utsala. Ndingautseke, chipsera chokha chizioneka."

"Kasiyeni kaye."

Lachisanu masana, a Virgil atakwera phiri kukatchetcha udzu kumanda, Lonzo anafika kudzayeseza komaliza. Anali atameta ndevu, ndipo m'thumba la malaya munkaoneka kabokosi.

Anapeza Retha atakhala kale pabalaza, dalisima ili pamiyendo.

"Duwa langa, mawa ndi mawa!"

"Khalani pansi, a Fugate."

Lonzo anaima kaye. "A Fugate? Lero ndakhala a Fugate?"

"Brandi ali bwanji?"

Mukanamuona! Nkhope yonse inagwa. Anakhala pansi mosafuna, nayamba kusisita maondo.

"Retha, tamvera. Si mmene ukuganizira. Ndinadzicheka dzanja kuntchito, iye anandimanga bala. Anati amaimba, ndiye ndinangofuna wondithandiza kuyeseza. Dalisima ya awiri munthu sungaimbe wekha, iwenso ukudziwa."

"Ndiye munayeseza mpaka kupita kwa a Hobert mutagwirana manja?"

"Chinali chisanu, ndinali ndekha, mutu unasokonekera! Zinatha, ndikulumbira. Ndasankha iwe. Taona!" Anatulutsa kabokosi kaja.

Retha sanakayang'ane.

"Mukanapita naye kovina, mwina ndikanalira n'kukukhululukirani. Ndine wopusa chotero, ndikudzidziwa. Koma munatenga mtengo wa amayi anga, n'kuugoneka pamiyendo pa mkazi wina, n'kuucheka kuti umukomere iyeyo. Ndipo ndinakukulungirani ndekha m'bulangete!"

"Tikachotsa kachitsuloko, wapamtima. Lero lomwe!"

"Munawauza a Hobert kuti tinasiyana chisanu chisanayambe. Simunaname. Ine ndekha ndi amene sindinauzidwe."

Anatembenuza dalisima ija, nagwira zokungira za mbali ya Lonzo. Anamasula nsambo yoyamba mpaka inalefuka, naisolola. Yachiwiri. Yachitatu. Anazikulunga bwinobwino pa zala zake monga amachitira ndi waya ku sitolo, natenga dzanja la Lonzo n'kuziika pachikhatho.

"Izi ndiye zanu. Zotsalazi ndi za kwathu."

"Retha, abale ako onse akubwera mawa. Uwauza chiyani?"

"Ndiwauza zoona. Pitani bwino."

Lonzo anayankhula zambiri ali pakhomo. Analumbira, anagwada, anatchula maina onse otsekemera amene ankawadziwa. Retha anatsala pampando mpaka lole inalira n'kutsika chigwa.

Chopweteka n'chakuti ankamukondabe. Miyendo inkafuna kuthamangira kumsewu, ndipo anachita kudzigwira pampando.

Mawa anthu adzafunabe nyimbo pamanda a amayi ake. Anatembenuzira mbali yake kwa iye, nakunga nsambo mwa kale, natola nthenga.

Kamtengo kanatsetsereka bwinobwino, kenaka kanagunda pa kachitsulo ka Brandi.

Anayambiranso, akuyesa kukadumpha. Kanagundanso.

Apo mpamene Retha anagwetsa nthenga, naika mutu pa thabwa la amayi ake n'kulira mokweza.