Wokoka Mwendo wa ku Ndirande

Chisoti cha makina chitangokhala pamutu pa mayi Sigele Namakhwa, khoma lonse la chipindacho lidasanduka Ndirande wakale. Padalibe kamera, padalibe wosewera. Makinawo ankawerenga zimene munthu akukumbukira n'kuzijambula nthawi yomweyo: tinjira topanikizana, madenga a dzimbiri opanidwa ndi miyala, utsi wa mbaula ukukwawa pansi, galu woonda akudutsa ngalande.

Chidali chaka cha 2091. Mzinda wa Blantyre udali utakwera m'mwamba, nyumba zosanja zikupikisana ndi phiri la Soche, ndipo misewu yake inkawala yokha chifukwa phula lake linkasunga kuwala kwa dzuwa. Ana obadwa m'nthawiyo sadauonepo mdima weniweni, choncho ankaulakalaka. Ankadzadza nyumba za kanema kukaonera mafilimu oopsa a mzinda wakale, kuti nawonso alaweko mantha amene makolo awo ankawasimba.

Makinawo adawatcha Mkamamantha. Ankafufuza m'mutu mwa nkhalamba, n'kupeza pamene mtima udagundapo kwambiri, n'kumangirapo filimu.

Amene adabweretsa mayi Sigele kumeneko adali mdzukulu wawo Ulemu, yemwe ankagwira ntchito yoyendetsa makinawo. Adawauza kuti otsala odziwa mdima ndi ochepa, ndipo akapita iwo upita nawo. Mayiwo adavomera osati chifukwa cha filimu. Ankangofuna kuonanso kwawo, popeza pamene padali nyumba yawo tsopano padali poikapo ndege zonyamula katundu.

Adakhala m'chisoticho mmawa wonse. Adaona mpopi umene ankakanganirapo mzere ndi anzawo, wokazinga tchipisi pa kona, ndi kachisakasa ka vidiyo kamene amuna awo, malemu a Lapukeni, ankaonetseramo mafilimu oopsa otanthauziridwa m'Chichewa. Anthu ankakhala pa mabenchi othothoka misomali, kufuula limodzi, kenako kusekana. Mayi Sigele adatuluka m'chisoticho misozi ikulengeza m'maso, n'kumuuza Ulemu kuti ngakhale fungo la palafini lidabwera.

Patapita milungu itatu, Ulemu adawatenga masana ena kukaonera filimuyo. Holo idali yodzaza ndi achinyamata. Magetsi atazima, Ndirande adawazungulira mbali zonse, wakuda kuposa mmene adaliri, makoma ake akupuma ngati nyama. Mtsikana wa mufilimumo adali yekha m'nyumba, kandulo ikutha. Ndipo panja padamveka mapazi: limodzi kuponda, linalo kukokeka pansi. Kuponda, kukokeka.

Achinyamata adagwirana manja. Mayi Sigele adadzuka theka pampando.

Mapazi amenewo adali a Lapukeni. Mwendo wawo wamanzere udathyoka ali mnyamata atagwa pa njinga ya kabaza, ndipo sudawongokenso. Magetsi akazima, ankatseka kachisakasa kaja n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba, tochi ili m'manja, ndipo mkazi wawo ankawamva akadali kutali. Zaka makumi atatu ndi zinayi, mtima wa mayi Sigele unkadumpha akamva kukokeka kumeneko.

Chitseko cha mufilimumo chidatseguka. Chidalowa chinthu chovala jekete ya a Lapukeni, ya chigamba pachigongono, koma nkhope yake idali yotalika, pakamwa pong'ambika mpaka m'makutu. Holo yonse idakuwa.

"Zimitsa," adatero mayi Sigele kwa Ulemu. "Awa ndi agogo ako."

Ulemu adawatulutsa panja. Adawafotokozera kuti makinawo amangoyeza kugunda kwa mtima, ndipo pamene mtima wa agogo udagunda kwambiri ndi pomwe adaika chilombo. Palibe adaganizapo kuti makina sangasiyanitse mtima wa munthu woopa ndi wa munthu woyembekezera mwamuna wake. Adapepesa akulira. Mawa lake adakauza akuluakulu ake, ndipo filimuyo adaichotsa isadathe mlungu.

Mayi Sigele adaganiza kuti zathera pomwepo.

Lamlungu lotsatira, atabwera ku tchalitchi, adakhala pakhonde la nyumba yawo ya pa nsanjika ya makumi anayi, monga ankachitira nthawi zonse. Chidali chizolowezi chawo kutseka maso n'kuwaitana a Lapukeni m'maganizo: mapazi aja kuyandikira, chitseko kulira, kenako mawu ofunsa ngati ana adya. Adatseka maso. Mapazi adabwera. Koma tsitsi lidawanyanyuka, manja adazizira, ndipo chitseko chitatseguka idalowa nkhope yong'ambika ija.

Adayesanso madzulo. Adayesanso mawa lake. Adatulutsa chithunzi cha ukwati wawo, n'kupeza kuti sangachiyang'ane nthawi yaitali.

Dokotala wa ubongo amene Ulemu adawapititsako adawauza mosabisa. Chikumbukiro chilichonse, adatero, munthu akachitulutsa amachibwezeranso chitasinthako pang'ono. Chisoti chija chidafewetsa malowo ngati dongo lonyowa, ndipo filimuyo idadindapo chidindo chake dongolo lisadaume. Nkhalamba zina zisanu ndi ziwiri zidali zitabwera kale ndi vuto lomwelo. Wina ankaopa nyimbo imene mayi ake ankamuimbira. Mankhwala adalipo, koma ankafufuta malo onsewo, chilombo pamodzi ndi munthu.

Ulemu adawagwira dzanja.

"Agogo, landirani mankhwalawo. Simukugona, simukudya."

"Ndikalandira ndiye kuti agogo ako sadzabweranso?"

"Sadzabweranso."

Mayi Sigele adayang'ana kunja kumene ndege zinkadutsana popanda phokoso. Kenako adamuuza dokotalayo kuti asunge mankhwala ake. Amuna awo, adatero, adayenda mumdima wa Ndirande zaka zonsezo akukoka mwendo kuti afike kwa iwo, ndiye sangawatsekere chitseko lero chifukwa choti abwera ndi nkhope yoipa.

Ulemu adasiya ntchito ija mwezi womwewo. Lamlungu lililonse ankabwera kudzakhala ndi agogo ake pakhonde, n'kuwagwira dzanja pamene ankatseka maso. Ankamva dzanjalo likuzizira, thukuta likutsika m'masaya okwinyika. Nthawi zina mayiwo ankatsegula maso msanga. Nthawi zina ankapirira mpaka chitseko chitatseguka, ndipo tsiku lina adanong'ona kuti pakamwa paja paoneka ngati pachepako, mwina.

Adapitiriza choncho mpaka chaka chimene adamwalira, ndipo Ulemu sadawafunsenso za mankhwala, pakuti adali ataona yekha kuti kuopa munthu amene unamukonda n'kopepuka kusiyana ndi kukhala ngati sadakhaleko.