Mbalame za Enelesi Ziopa Moto

Enelesi ankakhala kufupi ndi Mitundu. Iye ankafuna kuyamba geni.

Chaka chimenecho aliyense ankakamba za geni. Pa wailesi, geni. Pachitsime, geni. Nayenso Enelesi ankafuna yake.

Azakhali ake, a Jenifa, ankaumba miphika. Enelesi ankaumba mbalame. Anaumba njiwa. Anaumba nkhanga. Anaumbanso timba wamng'ono. Anazisalaza ndi kamwala. Anaziika pamthunzi kuti ziume.

Masana ena Enelesi anagona pamkeka. Analota mbalame zake zikuuluka. Zinamunyamula mpaka pamwamba pa Dzalanyama. Mitambo inali yofewa ngati thonje. Atadzuka, anazikonda koposa kale.

"Enelesi, bweretsa mbalame zako," anatero azakhali. "Lero tikuwotcha miphika."

"Pamoto? Ayi, azakhali! Zimva kuwawa."

"Chosawotcha sichilimba, mwana wanga."

Koma Enelesi, makani! Anabisa mbalame zake pansi pa nkhokwe.

Tsiku la msika linafika. Awiriwo anapita ku Mitundu. Enelesi anayala thumba pansi. Anandanditsa mbalame zake. Anthu anayamba kuima.

"Zokongola bwanji!" anatero mayi wina.

Mwadzidzidzi kumwamba kunada. Inali chizimalupsa, mvula yoyamba ija. Anthu anathawira m'makonde.

Miphika ya azakhali inanyowa, koma sinasinthe. Nanga mbalame? Mlomo wa njiwa unagwa. Mapiko a timba anagwa. Nkhanga inasanduka matope.

Enelesi analira. Analira kwambiri. Geni yake inali itatha isanayambe.

Azakhali sanamuseke. Anamupukuta misozi ndi chitenje.

"Dothi silinathe kudambo," anatero.

Enelesi anaumbanso. Anaumbanso njiwa. Anaumbanso nkhanga ndi timba. Anazisalaza. Anaziumitsa pamthunzi.

Zitauma, anazinyamula yekha. Anaziika pakati pa miphika. Azakhali anaunjika nkhuni ndi makungwa.

"Ndiyatse ndine, azakhali?"

"Yatsa, mwana wanga."

Enelesi anatenga machesi. Anali ndi mantha.

"Pepani, mbalame zanga," ananong'ona. "Limbani mtima."

Moto unayaka. Utsi unakwera pang'onopang'ono. Enelesi ankayang'ana utsiwo.

Phulusa litazizira, anafukula ndi kamtengo. Timba anali atasweka. Enelesi anamva chisoni. Koma njiwa inali bwinobwino. Nkhanga inali bwinobwino. Zinali zofiira, zowala. Anagogoda imodzi ndi chala. Ngwe! Ngwe!

Enelesi anaumba zambiri. Anawotcha zonse. Anaziika m'dengu. Kenako iye ndi azakhali anakwera matola. Anakatsika ku Nathenje. Anayala thumba m'mbali mwa msewu waukulu.

Namwino wa ku Nkhoma anagula njiwa. Mphunzitsi wina anagula nkhanga. Ena anagula. Enanso anagula. Dengu linatsala lopanda kanthu.

Kunyumba, bambo ake, a Gilibati, anali pakhonde.

"Takulandirani, mayi wa geni!" anatero. "Nanga mbalame yanga ili kuti?"

"Zatha zonse, ababa. Ndikuumbirani mawa."

"Ndipo undipatsa mawa lomwelo?"

"Ayi, ababa. Mudikire. Iyambe yalowa pamoto."

Azakhali anaseka mpaka misozi. Bambo anamunyamula Enelesi m'mwamba. Manja a mwanayo anali akununkhabe dothi.