Mbatata Yoyamba ya M'dimba la Levison

Chaka chomwe chiwawu chidapsereza mbatata ya kachewere ku Bembeke, Levison adatsala ndi khasu, njinga yopanda mabuleki ndi ngongole. Mbewu ndi feteleza adagulira ndalama za katapila kwa a Gibson, mwini golosale ya pamphambano. Chiwongoladzanja chidakula kuposa ngongole yeniyeniyo. A Gibson adali atatenga kale mbuzi ziwiri, ndipo adalonjeza kuti ulendo wina adzasasula malata.

Koma chomwe chinkamudya mtima Levison idali lole ya Collins, mnzake yemwe adakhala naye benchi limodzi ku pulayimale. Loleyo inkadutsa pakhomo pake itasenza matumba opita ku Lilongwe, ndipo Collins ankaimba hutala pomupatsa moni.

Amene adapita kukadandaula kukhoti ku Dedza Boma adali mkazi wa Levison, Falesi. Adabwerako ndi pepala lodindidwa chidindo atalikulunga m'chitenje.

"Atipatsa miyezi itatu yopumira, bambo a Tikondwe," adatero. "A Gibson asaponde pakhomo pano, asatenge kanthu, asalandire kanthu kwa ife, ndipo chiwongoladzanja chaima. Ikatha miyeziyi tikagwirizana zobweza pang'onopang'ono. Kachewere wa m'dimba amakhwima pa miyezi itatu. Tiyeni tibzale."

"Pang'onopang'ono mpaka imvi," adayankha Levison. "Tizilimira a Gibson, anzathu akugula malole?"

Patapita sabata Levison adanama kuti akukafuna mbewu, nkuwoloka malire kupita ku Mozambiki kwa sing'anga wina dzina lake a Ezara. Adawapeza masana, atavala shati yosita, akusenda nzimbe pakhonde.

"Mwabwera ndi fungo la khoti," adatero a Ezara. "Akupatsani nthawi. Nanga kwa ine mukufunanso chiyani?"

"Nthawi sidyeka, bambo. Ndikufuna chuma."

A Ezara adalowa m'nyumba nkutulutsa kansupa kakuda komangidwa mkanda wofiira.

"Kakwirireni pakati pa dimba. Mudzakolola mpaka matumba kusowa. Koma mbatata yoyamba kutuluka m'nthaka si yanu. Muiphike, muipereke kwa munthu ndi dzanja lanu pasanathe masiku atatu. Woidyayo ndi wanga."

"Ndikapatsa nkhumba?"

"Nkhumba ili ndi dzina la ubatizo?" A Ezara adalavula khoko la nzimbe. "Mbewu iliyonse, munthu mmodzi. Masiku atatu akapitirira, ndidzasankha ndekha m'nyumba mwanu. Ine sindipereka miyezi yopumira."

Nkhope ya a Gibson idamufikira Levison m'maganizo, ndipo adatambasula dzanja nkulandira nsupayo. Atafika kwawo adaikwirira pakati pa dimba.

Kachewere adamera mwa mtundu wina. Masamba adali obiriwira chodera, mizere idang'ambika ndi kulemera kwa zam'kati. Ogula a ku Lilongwe adayamba kusiya ndalama za chikole mbatata isanakumbidwe. Falesi ankapalira akuimba nyimbo za kwaya, ndipo Lamulungu lina adakapereka Misa yothokoza. Chidamudabwitsa chimodzi chokha: mbalame sizinkatera m'dimbamo, ndipo galu wawo ankathera pampanda nkumalira.

Kutatsala masiku anayi kuti miyezi itatu ikwane, Levison adakumba phando loyamba. Mudatuluka mbatata imodzi yaikulu ngati mutu wa khanda, yofunda ngati yagona padzuwa. Mawa lake adaikazinga bwino, nathira mchere ndi tsabola, napita nayo kugolosale m'mbale yovundikira.

"Ndati mulaweko zoyamba, bwana, tikhululukirane."

A Gibson adabisa manja kumbuyo.

"Khoti lidandiletsa kulandira chilichonse kwa inu mpaka tsiku lija. Mukufuna mukanene kuti ndaphwanya lamulo? Bwererani nayo mbale yanuyo."

Levison adazungulira nayo msika wonse. Adaima pafupi ndi mayi wina wogulitsa kabichi, mtima udakana. Adayandikira gogo wina wopempha, koma gogoyo atamwetulira, miyendo ya Levison idabwerera yokha. Tsiku lachiwiri lidatha chomwecho.

Tsiku lachitatu Falesi adalawirira ku Boma kukaonana ndi kalaliki wa khoti. Ndalama ya minibasi idamuthera, ndipo pobwera adayenda pansi kuchokera pamsewu waukulu. Adafika dzuwa litapendeka, milomo itauma, koma akuseka. Adapeza mwamuna wake atakhala pakhonde, mbale ili pamiyendo, mwana wawo Tikondwe asanabwere kusukulu.

"Zatheka, bambo a Tikondwe. A Gibson avomera kuchotsa chiwongoladzanja chonse chopitirira. Chotsalacho tibweza m'chaka chathunthu, ndipo malata sakhudza. Ngakhale dimba likadabereka theka la izi, tikadakwanitsa." Adakhala pansi navula nsapato. "Nanga m'mbalemo muli chiyani? Sindidalawe kanthu chichokereni m'mawa."

Levison adayang'ana dzuwa. Adayang'ana njira yomwe Tikondwe amadzera pochokera kusukulu. Falesi adatambasula manja awiri, ndipo iye adamupatsira mbaleyo.

"Zikomo, mwandikumbukira," adatero Falesi. Adachita chizindikiro cha mtanda nkuyamba kudya.

Sadadwale matenda odziwika. Adangoyamba kumva kuzizira, ngakhale atafunda mabulangete atatu pafupi ndi mbaula. Kuchipatala adamuyeza zonse osapeza kanthu. Pomwe matumba ankadzaza bwalo, iye ankaphwa ngati dzungu losiyidwa padzuwa. Mawu ake omaliza adali okumbutsa mwamuna wake kuti asaphonye tsiku lopereka gawo loyamba, pakuti khoti lidawachitira chifundo. Adamuika Loweruka, kukugwa chiperoni.

Levison adabweza ngongole yonse tsiku limodzi. Adagula lole yaikulu kuposa ya Collins, namanga nyumba ya njerwa zootcha. Koma sankadyanso ndi anthu, ndipo Tikondwe akamubweretsera madzi osamba m'manja, iye ankayang'ana kumbali.

Adaganiza zosiya kulima dimbalo. Adafukula pakati pake kufuna nsupa ija, osaipeza. Mvula yoyamba itagwa, kachewere adamera yekha m'mizere yowongoka. Levison adathamangira kwa a Ezara.

"Tengani lole, tengani nyumba. Ndipatseni chaka chimodzi chokha."

"Lole sindidya," adatero a Ezara. "Yoyamba ija simudavutike nayo kwambiri. Yachiwiri idzapepuka. Mtsikana uja ali sitandade chani?"

Mbatata itakhwima, Levison adaitana malume ake a Tikondwe kuchokera ku Kabwazi kuti adzamutenge mwanayo. Adawaperekeza mpaka pamsewu, nawapatsa makiyi a lole ndi mapepala a nyumba. Atabwerera adakumba phando loyamba, naotcha mbatatayo pamakala, naidya yekha mpaka makoko.

Sadafe. Anthu adamupeza m'mawa mwake atakhala m'matope a m'dimba, akuyankhula ndi Falesi. Dimbalo lidaola lonse m'sabata imodzi, ndipo mpaka lero palibe amalimapo. Levison amayendayenda pamphambano pa Bembeke, chigoba cha mbale chili m'manja. Akaona munthu akudya, amagwada nkumupempha misozi ili m'maso kuti alavule. Tikondwe amabwera pa tchuthi kudzamusambitsa ndi kumumeta, koma iye samudziwa.

Munthu uyu adali atapatsidwa kale chomwe chikadamupulumutsa: nthawi, dimba ndi mkazi womugwira dzanja. Adazipeputsa chifukwa sizinkathamanga ngati lole ya mnzake. Ngongole ya munthu ili ndi pokadandaula, ndipo imatha ndi thukuta. Ya chuma cha mankhwala ilibe khoti, ndipo imalipidwa ndi amene umawakonda. Dyera silidikira kuti mbewu ikhwime, ndipo likatha kudya zonse limadya mwini wake.