Msana ndi Msana pa Sado

Marhali, woimba ng'oma m'maukwati, anachoka ku Jatinegara mochedwa chifukwa eni ukwati sankafuna kuti gule athe. Anakoleka ng'oma paphewa n'kuuyamba wapansi wa ku Condet, kumene ankakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wake Rohaya.

Atangopitirira manda a Matchaina, anamva hatchi ikufwenthera kumbuyo kwake. Inali ikukoka sado, ngolo yonyamula anthu, yopanda nyali. Ziboda sizinkamveka.

"Kwerani, akamwini," anatero woyendetsa.

Marhali anangoti ndi nthabwala za oyendetsa ngolo. Miyendo inali italema, choncho anakwera pampando wakumbuyo, woyang'ana kumene akuchokera, msana wake n'kutsamira msana wa munthuyo. Unali wonyowa. Wozizira ngati mwala wamumtsinje.

Ali m'njira munthuyo anafunsa ngati Marhali ankadziwa kumene dzina loti sado linachokera. Sanadikire yankho. Anati ndi mawu a Afalansa, dosado, kutanthauza msana ndi msana, koma anthu akuno anangowadula mutu.

"Ndi ngolo yabwino," anapitiriza. "Wakunyamulayo sumuona nkhope. Musacheuke."

Fungo la matope linakula. Madzi anayamba kuyenderera m'malaya a Marhali. Anayesa kutchula dzina la Mulungu. Lilime linakana. Pamlatho wa mtsinje wa Ciliwung... ngolo inaima.

"Ine ndimalekezera pano. Mukawauze amake Rohaya kuti sindinathawe ndi mkazi wina ayi. Hatchi inaterereka."

Marhali anacheuka. Hatchi panalibe, ngolo panalibe! Anali atakhala pachitsulo cha m'mbali mwa mlatho, miyendo ili lende, pansi madzi akukokoma...

Anathamanga osaima mpaka kunyumba. Apongozi ake, mayi Saodah, anamva nkhani yonse ali chilili pakhomo, osaphethira. Mwamuna wawo Dulhak anasowa pamodzi ndi sado yake chaka cha chigumula, Rohaya akadali kubere, ndipo kuyambira pamenepo dzina lake m'nyumbamo linkatuluka potukwana pokha.

Chilimwe chitafika, madzi ataphwera, amuna a m'mudzimo anakumba matope kunsi kwa mlatho. Anapeza gudumu, mafupa a hatchi, ndi ena osakhala a hatchi. Mayi Saodah sanalole munthu wina kuwakhudza. Anawatsuka okha, n'kuwakulunga m'nsalu yoyera imene ankasungira maliro awo omwe.